Tifunseni za Zipangizo: Kodi nyimbo za Hi-Res zimamvekadi bwino kuposa MP3?

FUNSO: Zikomo akonzi, ine ndili ndi nkhani yomwe yandisowetsa mtendere. Ndinagula mahedifoni a Bluetooth abwino ndithu, ndinachita kusungira miyezi ingapo, nde mnzanga wina atawaona akuti aise ukungowaononga mahedifoniwa ndi ti MP3 takoto, uzimvera za Hi-Res. Anandiponyera mafayilo a FLAC olembedwa 24-bit/192kHz, nyimbo zochepa chabe koma foni yayamba kale kudandaula kuti malo atha. Vuto ndi loti ndikamamvera pena ndimaona ngati zikusiyana pena ayi, ndikamuuza iye amati makutu anga ndi ogontha. Kodi vuto ndi makutu angadi kapena mnzangayu akungondinamiza? Ndine wowerenga wanu wokonda nyimbo.

YANKHO: Achimwene, choyamba mtima m'malo, makutu anu alibe vuto lililonse. Ndipo mnzanuyo sikuti akukunamizani dala ayi, iye akukhulupiriradi zomwe akunenazo, kungoti akukhulupirira manambala omwe alembedwa pa fayilo osati zomwe zikulowa m'khutu mwake. Nkhaniyi ine imandikhudza chifukwa ndaona anthu ambiri okonda nyimbo ndi mtima wonse akusiya kusangalala ndi nyimbo zawo, m'malo movina kapena kuimba nawo akungokhala tcheru kufufuza ngati fayilo ili yoyenera, nde tiyeni tiyione bwinobwino.

Manambala awiri ajawo tiyambe tawamasula. Mawu akamalowa mu kompyuta, makina amayeza funde la mawuwo kambirimbiri pa sekondi imodzi nkumasunga zomwe apezazo. CD, yomwe Sony ndi Philips anatulutsa mu 1982, imayeza ka 44,100 pa sekondi, ndiyo 44.1kHz mumaiona ija. Nambala imeneyi sanangoitola, pali lamulo la masamu lodziwika ndi mayina a Harry Nyquist ndi Claude Shannon lomwe limati ukayeza mopitirira kawiri kuposa mawu osongoka kwambiri omwe ukufuna kusunga, mawuwo amabwereranso onse osataya kanthu. Khutu la munthu limamva kuyambira 20Hz (Hz ndi muyeso wa kusongoka kwa mawu) kulekeza cha m'ma 20,000Hz, ndipo 20,000 imeneyo ndi ya mwana wamng'ono yemwe makutu ake sanaonongeke, ambirife tikamakula timatsikira cha m'ma 15,000 kapena 16,000. Nde CD imasunga mpaka 22,050Hz, yapitirira kale pomwe khutu limalekezera. Fayilo ya 192kHz ya mnzanuyo imasunga mpaka 96,000Hz. Mawu a kumtunda kumeneko amamva ndi mileme, agalu amamvako gawo lina, koma inu ndi ine ndi mnzanuyo palibe amene angawamve olo atagula mahedifoni otani.

Nambala inayo, 16-bit kapena 24-bit, imanena za mtunda womwe ulipo pakati pa kamawu kotsikitsitsa ndi phokoso lokwereratu. 16-bit imapereka pafupifupi 96dB (dB ndi muyeso wa kukula kwa phokoso), 24-bit imapereka pafupifupi 144dB papepala. Koma taganizani, chipinda chomwe inu mumati chili zii chimakhala kale ndi kaphokoso ka cha m'ma 30dB, nde kuti mumve kamawu kotsikitsitsa ka pa CD pamwamba pa kaphokoso kameneko mufunika kukweza voliyumu mpaka mawu okwera afike kupitirira 120dB, pamenepo makutu amayamba kuwawa. Kutanthauza kuti olo 16-bit yomweyo sitiimaliza.

Apo tayerekeza Hi-Res ndi CD. Koma funso lanu lenileni ndi la MP3, ndipo apa mpomwe mnzanuyo ali ndi kachilungamo pang'ono, chifukwa MP3 imatayadi zinthu, imeneyo si nkhambakamwa. FLAC imapanikiza nyimbo osataya olo kadontho, ukaitsegula imabwerera ndendende mmene inalili, pomwe MP3, AAC ndi Ogg Vorbis zimachotsa mbali ina ya mawu ndipo zomwe zachotsedwazo sizibweranso. CD imayenda pa 1,411kbps (kbps ndi kuchuluka kwa deta pa sekondi imodzi), MP3 yapamwamba kwambiri ndi 320kbps, mukuona nokha kuti zambiri zapita. Nkhani ili pa zomwe zimatayidwazo. Akatswiri a ku bungwe la kafukufuku la Fraunhofer ku Germany, mmodzi mwa iwo Karlheinz Brandenburg, omwe anagwira ntchito yaikulu yopanga MP3 isanakhazikitsidwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, anatsamira pa khalidwe lina la khutu lomwe tonse timalidziwa olo sitinaliphunzire kusukulu. Wotchi yapakhoma usiku anthu onse atagona imamveka kuti tiki tiki tiki mpaka kukusowetsa tulo, koma masana wailesi ikulira simungaimve ngakhale ikugundabe chimodzimodzi. Mawu aakulu amaphimba aang'ono oyandikana nawo. Nde MP3 imayang'ana kamphindi kalikonse ka nyimbo nkufunsa kuti apa wotchi ija ikumveka kapena yaphimbika, ikaona kuti yaphimbika imaichotsa kapena kuisunga mwachisawawa, malo ambiri nkupereka ku zomwe khutu likumvadi.

Ikapatsidwa malo okwanira, 256 kapena 320kbps, imachita zimenezi mwaluso kwambiri moti anthu ambiri sangasiyanitse ndi CD. Ikamanidwa malo, monga 96 kapena 64kbps, imayamba kutaya ndi zomveka zomwe, ndipo pamenepo aliyense amamva. Ngati mukufuna kudziwa pogwirira MP3 yoipa mverani zitsulo za pa ng'oma zija woimba amamenya kuti tsi tsi tsi, m'malo molira mowala zimamveka ngati zamira m'madzi, zimachita kuti shwii shwii. Mverani anthu akuomba m'manja pa nyimbo yojambulidwa pa konsati, pa fayilo yabwino mumamva manja a anthu osiyanasiyana, uyu pafupi uyo patali, pa fayilo yophwanyika zimangomveka ngati mvula pa malata.

Ndikuuzeni zomwe ndinachita ine mwini, chifukwa nanenso ndinali mbali ya mnzanuyo nthawi ina ndipo ndinkatsutsa mwamphamvu. Usiku wina kunja kutakhala bata ndinatenga nyimbo yomwe ndimaidziwa ngati dzina langa, ya gitala ndi mawu a mzimayi mmodzi, ndinaitenga pa CD yanga nkupanga makope awiri a MP3, ina 320 ina 96. Ndinatsegula pulogalamu ya foobar2000 pa laputopu, ili ndi kachida kowonjezera koyesera komwe amati ABX. Imakupatsa A ndi B zomwe ukuzidziwa, kenako X yemwe sukumudziwa, iwe unene kuti X ndi A kapena B, ubwereze kambirimbiri. Ya 96 ija sinandivute, ndinakhoza maulendo onse 16, ndimangodikira pomwe chala cha woimba chikukhula nthambo ya gitala basi ndagwira. Nditaika ya 320 zinthu zinasintha. Ndinatseka maso, ndinabwereza kamphindi kamodzi komweko mwina ka 20, mtima umandiuza kuti iyi ndiye yeniyeni ikumveka yotakasuka, ndikudina ndili wotsimikiza. Pamapeto ndinakhoza 9 pa 16, zomwe munthu angapeze pongoponya ndalama m'mwamba osamvera nkomwe. Chomwe chinandikhudza si kulepherako, koma kuti nthawi yonseyo ndimamvadi kusiyana m'mutu mwanga, kusiyana komwe kunalibe. Nde mukamati pena ndimaona ngati zikusiyana pena ayi, ndikukumvetsani bwino, ubongo ukauzidwa kuti iyi ndi yapamwamba umathandizira khutu kumva zomwe ukuyembekezera.

Si ine ndekha. Mu 2007 Brad Meyer ndi David Moran anatulutsa kafukufuku mu magazini ya Audio Engineering Society, anatenga nyimbo za Hi-Res nkumazidutsitsa mobisa m'makina ozitsitsira pa mulingo wa CD, omvera osadziwa kuti ino ndi iti. Pa maulendo 554 anthu anakhoza 276, ndiye theka basi. Ena anautsutsa kafukufukuyu ponena kuti nyimbo zina zomwe anagwiritsa ntchito sizinali za Hi-Res yeniyeni, ndipo ndi bwino kuti mudziwe mbali imeneyonso. Mu 2016 Joshua Reiss wa ku Queen Mary University of London anasonkhanitsa zotsatira za akafukufuku 18 nkupeza kuti kakusiyana kalipo ndithu koma kochepetsetsa, anthu amakhoza pafupifupi 52 pa 100, ndipo omwe anachita kuphunzitsidwa kamvedwe amafika cha m'ma 60. Nde sindinganene kuti palibiretu munthu padziko amene angamve, koma onani kuti olo ophunzitsidwawo, ali pamalo abata ndi zida zapamwamba, amaphonyabe maulendo 4 pa 10 alionse. Zimenezi nzosiyana kutalitali ndi zomwe otsatsa malonda amanena zoti ukangomva Hi-Res sudzabwereranso.

Tsopano pali chinthu chomwe mnzanuyo sanakuuzeni ndipo kwa inu ndiye chachikulu. Mahedifoni anu ndi a Bluetooth. Bluetooth ilibe mpata wokwanira kudutsitsa fayilo ya 24-bit/192kHz, yomwe isanapanikizidwe imafuna 9,216kbps. Nde foni yanu imatenga FLAC ija nkuipanikizanso pomwepo, kutaya zina, kenako nkuitumiza ku mahedifoni. Njira yopanikizira ya SBC yomwe zida zonse zomvera nyimbo za Bluetooth zili nayo imayenda cha m'ma 328kbps ikakwera, ma iPhone amagwiritsa AAC, ndipo olo LDAC ya Sony yomwe amaitama imalekezera pa 990kbps, yosafika ndi pa CD pomwe. Apple yomwe itayamba kupereka nyimbo zosataya kanthu pa Apple Music mu 2021 inanena poyera kuti ma AirPods polumikizana ndi Bluetooth sangazitulutse momwemo. Kunena kwina, zomwe zakhala zikufika m'makutu mwanu masiku onsewa ndi nyimbo zopanikizidwa kale, foni yadzaza ulele.

Nanga bwanji nthawi zina fayilo ya Hi-Res imamvekadi bwino moonekeratu, moti olo mwana anganene? Zimachitika, ndipo chifukwa chake nthawi zambiri si manambala aja koma kuti ndi kope ina. Nyimbo ikatha kusakanizidwa mu situdiyo imadutsa pa ntchito yomaliza yomwe amati mastering, ndipo kuyambira zaka za m'ma 1990 makampani ambiri anayamba mpikisano wokweza mawu kuti nyimbo yawo iphulike kuposa ya mnzawo, amaifinya mpaka poyenera kutsika ndi poyenera kukwera pafanana, ng'oma yosadumphanso, ukamvera mphindi 20 mutu watopa. Akamatulutsa ya Hi-Res pena amabwerera ku tepi yoyambirira nkuikonzanso mofatsa osaifinya. Imeneyo imakoma zedi, koma mutaitenga nkuisandutsa MP3 ya 320 idzakomabe chimodzimodzi. China ndi voliyumu, fayilo ikangokwera pang'ono pokha kuposa inzake khutu silinena kuti yakwera, limanena kuti iyi ili ndi besi yabwino, iyi ikumveka yoyera. Ndichifukwa chake poyesa mumayenera kutenga fayilo imodzi yomweyo, nkupanga nokha MP3 kuchokera pa iyo, osati kuyerekeza FLAC ya mnzanu ndi ka MP3 komwe munadawuniloda kalekale kosadziwika komwe kanachokera.

Chomwe ndingakulangizeni ndi ichi. Mafayilo aakuluwo asungeni pa laputopu ngati mukuwafuna, mu foni ikani a 256 kapena 320kbps, mphindi imodzi ya 320 imadya pafupifupi 2.4MB pomwe ya 24/192 isanapanikizidwe imafika cha m'ma 69MB, bandulo ndi memore yanu zipume. Ngati mumamvera pa Spotify kapena pulogalamu ina lowani mu masetin'gi muone kuti kwalite ili pati, chifukwa zambiri zimadzitsitsa zokha intaneti ikafooka ndipo anthu amakhala miyezi akumvera zotsika osadziwa. Ndipo onani mmene mahedifoni akukhalira pa khutu, ngati ndi tolowetsa mkati tija yesani timphira ta saizi zonse, kamphira kakangosiya mpata besi yonse imathawira pomwepo, kusintha kumeneko mudzakumva nthawi yomweyo opanda kutseka maso kapena kusinkhasinkha. Mnzanuyo muitaneni tsiku lina, mumuikire ABX ija, musamuseke akalephera, ndipo akakhoza 15 pa 16 mumupatse ulemu wake chifukwa ndiye kuti ali ndi khutu losowa.

FUNSO: Akonzi, ine ndimaimba mu kwaya ndipo tikufuna kujambula nyimbo zathu. Wojambula akuti atijambula pa 24-bit, nde ngati khutu silisiyanitsa si kungofuna kutidyera nthawi ndi malo kumeneku? Ndine mayi wa mawu a alto.

YANKHO: Ayi mayi, apa wojambulayo akulondola, musamuletse. Kumvera ndi kujambula ndi ntchito ziwiri zosiyana. Pojambula kwaya munthu sadziwa kuti masoprano akweza mpaka pati akafika pa kolasi, nde amatsitsa mulingo wa maikolofoni kusiya mpata waukulu kuti mawu asagunde denga nkusweka, chifukwa mawu osweka pa dijito sakonzeka. 24-bit imamupatsa mpata umenewo popanda kulowetsa kaphokoso, kenako posakaniza akweza apa, atsitsa apo, awonjezera kamamvekedwe ka m'holo, zonsezi zimafuna fayilo yonenepa. 24-bit pa 48kHz ndi yokwana bwinobwino. Akamaliza mumupemphe akupatseni kope yosataya kanthu ya WAV kapena FLAC ndipo muisunge malo awiri osiyana, imeneyo ndiyo mbewu yanu, ma MP3 onse ogawira anthu azichokera pa iyo. Chomwe ndimamva nacho chisoni ndi magulu omwe anavutika miyezi kuphunzira nyimbo koma chomwe anatsala nacho ndi ka MP3 kamodzi komwe kadutsa m'mafoni ambirimbiri, wina anakaika mu kanema, wina anakachotsamonso, ndipo ulendo uliwonse womwe nyimbo yapanikizidwanso imataya zina pamwamba pa zomwe inataya kale. Tsiku lomwe wailesi kapena kampani yogulitsa nyimbo pa intaneti idzafune kope yabwino mudzaithokoza WAV imeneyo. Ndipo nthawi yambiri muitayire pa malo ojambulira ndi poimika maikolofoni, chipinda chobweza mawu moipa chimaononga nyimbo kuposa nambala iliyonse.

FUNSO: Mwana wanga wandiikira pulogalamu yosandutsa ma MP3 anga akale kukhala FLAC, akuti azimveka bwino. Ine sindikumva kusintha koma mwina ndi ukalamba, ndili ndi zaka 61. Ndine bambo wokonda nyimbo zakale.

YANKHO: Bambo, si ukalamba umenewo, kusinthako kulibe ndipo olo mwana wanuyo sangakumve. Zomwe MP3 inataya tsiku lomwe inapangidwa zinapita, kuisandutsa FLAC kuli ngati kuthira madzi a m'kapu mu ndowa, ndowa ndi yaikulu koma madzi ndi omwe aja. Fayilo ikula kangapo, mawu akhala omwewo. Pa intaneti palinso ma FLAC ambiri abodza opangidwa chonchi, ndipo mwana wanuyo atha kuwagwira ndi kapulogalamu kaulere kotchedwa Spek komwe kamajambula chithunzi cha mawu, ngati chithunzicho chadukiratu mowongoka cha pa 16kHz ngati wachita kudula ndi lumo, kawirikawiri imeneyo inali MP3 ya 128kbps yomwe yangovekedwa dzina lina. Ngati ma CD a nyimbozo mukadali nawo, amenewo ndiwo mwanayo awakopere ku FLAC, pamenepo ntchito yake ikhala ndi phindu.

Za makutuzo, nzoona kuti pa zaka 61 mawu osongoka kwambiri amayamba kuzimirira, zimachitikira aliyense, koma mtima wa nyimbo, mawu a woimba, gitala, besi, zonsezi zimakhala pansi kwambiri pomwe inu mukumvabe bwino. Yemwe ndikumudera nkhawa ndi mwana wanuyo ngati amakhala ndi mahedifoni tsiku lonse voliyumu ili kumapeto. Bungwe la World Health Organization limati achinyamata oposa 1 biliyoni ali pa chiopsezo choononga makutu chifukwa cha kamveredwe kotere, ndipo limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire 80dB kwa maola 40 pa sabata. Timaselo ta mkati mwa khutu tomwe timamva mawu tikafa sitimeranso. Mumufunse ngati akavula mahedifoni usiku amamva kulira kwa nkhwiii m'khutu, akavomera atsitse voliyumu kuyambira lero, ndipo kulirako kukapitirira masiku angapo apite akaonane ndi dokotala wa makutu.